Kwathu Kwatikumbuka

Amalume anga amakonza mafoni pa Overspill, ku Epworth. Malo awo ogwirira ntchito ndi tebulo limodzi, ambulera yozilala ndi dzuwa, batire la galimoto ndi kasola kamene amakatsamiritsa pamwala. Magetsi akathima, ndipo kuno amathima kawirikawiri, anthu amasiya mafoni awo patebulopo kuti atchajidwe, moti pofika masana pamakhala ngati pachitatanga cha anapiye, iliyonse ikulira kulira kwake. Makasitomala amawaitana kuti sekuru, iwo n'kumayankha m'Chishona, koma akapsa mtima amabwerera ku Chichewa. Ndikamapita kukaona amayi Loweruka, ndimatsika kombi pamenepo, n'kukhala pakreti ya zakumwa kuti ndimve za mlungu wonse.

Loweruka lina mu 2024 ndinawapeza akuyankhula Chichewa chokhachokha. Mnyamata amene anamuphunzitsa ntchito kwa zaka zitatu, amene ankadya naye mbale imodzi, anali atatsegula tebulo lake tsidya lina la msewu, moyang'anizana nawo. Ambulera yake inali yofanana ndi yawo, chikwangwaninso anangosinthapo dzina. Koma chimene chinawawawa kwambiri chinali china. Amalume ali ndi njira yawoyawo yodzutsira foni imene yagwera m'madzi, njira imene anaipeza atawononga mafoni ambiri a eni n'kumalipira za m'thumba mwawo. Tsopano mnyamata uja ankachita zomwezo, ndipo mtengo wake unali wotsika ndi dola imodzi.

"Iwe mphwanga, sukulu unaifikitsa kumapeto," anatero. "Kodi palibe lamulo loletsa munthu kuba nzeru za mnzake?"

Ndinawauza kuti lilipo, ndipo chikalata chake amachitcha patenti. Munthu akatulukira chinthu chatsopano, amakalemba mwatsatanetsatane ku ofesi ya boma mmene chinthucho chimagwirira ntchito. Zimene walembazo zimaikidwa poyera kuti aliyense awerenge, ndipo posinthana ndi kuululako, boma limaletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chake kwa zaka 20. Zakazo zikatha, nzeruyo imasanduka ya aliyense.

"Ndiyambe ndaulula?" anafunsa. "Mmodzi uyu wandisowetsa tulo, ndiye ndikauzenso a ku Domboramwari ndi a ku Munyuki?"

Kuti ndiwaseketse, ndinawasimbira mlandu wa Apple ndi Samsung. Mu Epulo 2011 kampani ya Apple inakasuma kukhoti ku California kuti Samsung yakopera iPhone. Zina mwa zimene ankalimbirana zinali kagwiridwe ka ntchito, monga kudumpha pang'ono kumene tsamba limachita ukalikoka mpaka kumapeto. Zina zinali maonekedwe chabe, pakuti palinso chikalata choteteza maonekedwe: nkhope ya foni ya mbali zinayi yokhala ndi makona oviringidwa. Mu Ogasiti 2012 khoti linagamula kuti Samsung ilipire ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Anachita apilo, ndalamazo zinatsika, nkhani inakafika ku khoti lalikulu kwambiri la America mu 2016, n'kubwereranso pansi. Mu Meyi 2018 anatchula madola 539 miliyoni, ndipo mwezi wotsatira makampani awiriwo anakambirana paokha mlandu n'kutha, patapita zaka 7.

Amalume anatola foni imodzi patebulo n'kuisisita m'makona ndi chala. "Makona awa? Nanga amafuna foni ikhale ndi makona akuthwa kuti izing'amba matumba?" Koma chimene chinawakhazika chete ndi chimene ndinawonjezera: nthawi yonse imene ankakokanakokana kukhoti, Samsung inali ikugulitsabe zipangizo kwa Apple zoika m'kati mwa iPhone yomweyo. Anayang'ana tsidya lina la msewu, osanenapo kanthu.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo liwu lakuti patenti lakhala likundivuta kwa zaka. Nthawi zambiri ndimalemba kuti chiphaso cha umwini wa luso. Anthu amamva, koma ine ndimadziwa kuti penapake pakudontha. M'Chichewa tili ndi mwini munda, mwini mudzi, mwini maliro, mwini mbumba. Amalume omwewa ndi mwini mbumba wathu. Izi sizitanthauza kuti angatigulitse, kapena kuti ena asatiyandikire. Zitanthauza kuti ine ndikapalamula, kapena ndikadwala, kapena ndikafuna banja, amene adzaitanidwe kuti akayankhe ndi iwo. Mwini maliro ndi amene sagona, amene amaonetsetsa kuti nkhuni zilipo ndipo adzukulu adya. Umwini wathu umayamba ndi udindo. Umwini wa m'chikalata chija umayamba ndi mpanda. Ndikaika liwu limodzi pa zinthu ziwirizi, ndimakhala ndikunamiza owerenga pang'ono, ndipo sindinapezebe liwu lina.

Ofesi ya mipanda imeneyi sili kutali ndi ife. Mukakwera kombi ya m'tauni n'kupitirira ku Belgravia, mupeza likulu la ARIPO, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka mu 1976. Kudzera m'pangano lina limene linasainidwa mu Harare momwe muno mu 1982, munthu akhoza kulembetsa patenti kamodzi n'kutetezedwa m'mayiko angapo, kuphatikizapo Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mapatenti ambiri amene amalembetsedwa kumeneko ndi a makampani a kunja kwa Africa. Si chifukwa chakuti kuno kulibe nzeru. Kulembetsa kumafuna loya, ndalama ndi Chingerezi cha mtundu wake, ndipo ukalembetsa uyenera kukhala ndi zina zokasumira wokuberayo. Mpanda umateteza munda wa munthu amene angathe kulipira mlonda.

Patebulo la amalume iPhone imafika mwa apo ndi apo. Zodzaza pamenepo ndi Itel, Tecno ndi Infinix, ndipo mayina atatuwa ndi a kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen, ku China, imene imagulitsa mafoni ambiri mu Africa kuposa Samsung ndi Apple. Pamene akuluakulu aja ankalimbirana makona, iyo inkayang'ana anthu ngati a ku Epworth n'kufunsa zimene akusowa. Inapeza kuti tikufuna batire lokhalitsa chifukwa cha magetsi, malo a makadi awiri kuti munthu akhale ndi Econet ndi NetOne m'foni imodzi, kamera yojambula khungu lakuda popanda kulisandutsa mthunzi, ndi mtengo umene mayi wogulitsa tomato angakwanitse. Ine sindinyoza mpikisano. Ndi umene unabweretsa foni m'manja mwa amayi anga. Ngakhale netiweki yeniyeniyo inabwera ndi mlandu: Strive Masiyiwa anakhala zaka pafupifupi 5 akulimbana m'makhoti ndi boma, limene linkafuna kuti kampani yake yokha ndiyo iziyendetsa za matelefoni, Econet isanayambe ntchito mu 1998.

Koma amene wakula amaonedwa. Foni iliyonse imalankhulana ndi nsanja pogwiritsa ntchito nzeru zimene zili ndi eni ake, ndipo eniwo amafuna gawo lawo pa foni iliyonse yogulitsidwa. Mu 2024 kampani ya Qualcomm ya ku America inasumira Transsion ku India pa nkhani ya mapatenti, ndipo anagwirizana kumayambiriro kwa 2025. Palibe munthu wa ku Epworth amene anaitanidwa kukhoti ku Delhi. Koma ndalama zotere zikalipidwa, zimakaikidwa pamtengo wa foni, ndipo amadzazitulutsa m'kansalu ndi mayi uja wa tomato.

Pali chinthu chimodzi m'fonimo chimene palibe amene amatilipiritsa, ndipo ndi chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi. Android, pulogalamu imene imayendetsa pafupifupi foni iliyonse patebulo la amalume, Google imaipereka ulere. Facebook ndi yaulere. WhatsApp, imene anthu ambiri kuno amaiyesa kuti ndiyo intaneti yonse, ndi yaulere, timangogula bandulo. Komabe Facebook inagula WhatsApp mu 2014 pamtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Mu 2018 bungwe la mayiko a ku Ulaya linalipiritsa Google chindapusa cha mayuro 4.34 biliyoni chifukwa chokakamiza opanga mafoni kuikiratu mapulogalamu ake ofufuzira. Pamlandu wina ku Washington zinaululika kuti m'chaka cha 2022 chokha Google inapatsa Apple madola 20 biliyoni kuti munthu akamafufuza kanthu pa iPhone aziyambira pa Google, ndipo mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta anagamula kuti kampaniyo inatsekereza anzake mosatsata lamulo. Munthu salipira ndalama zonsezi kuti apereke chinthu chaulere. Chimene akulimbirana ndi maso athu. Ndalama zambiri za Google, ndi pafupifupi zonse za eni Facebook, zimachokera kwa otsatsa malonda, amene amasankha okha anthu oti aone malondawo: a msinkhu wakuti, okhala kwakuti, okonda zakutizakuti.

Liwu lakuti ulere lili ndi mbiri m'banja mwathu. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya. Anayenda pansi kudutsa dziko la Apwitikizi mpaka anakafika pamene pankaima malole a boma la Southern Rhodesia, onyamula anthu a ku Nyasaland popanda kulipira. Malolewo anthu ankawatcha Ulere. Agogo ankasimba kuti atakwera anaganiza kuti Azungu a kuno ndi achifundo, ndipo anazindikira atafika pafamu ya fodya kuti ulendowo unali utalipiridwa kale ndi anthu amene ankafuna manja awo. Sanabwererenso. Anakhala mtchona, anakwatira mkazi wa kwawo komweko amene anabwera ndi makolo ake, ndipo nkhondo itakula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anathawira ku Epworth, pamalo a mishoni ya Methodist, pamodzi ndi anthu ena ambiri. Ndikaona chinthu chaulere m'foni, ndimakumbuka lole ija. Ndimakumbuka, koma zimenezi sizinandiletse kukhala kondakitala wake.

Agogo aakazi sankadziwa kuwerenga. Kalata ikabwera kuchokera ku Dedza, mwina kamodzi pachaka, ankaigwira ndi manja awiri isanatsegulidwe n'kunena kuti, "Kwathu kwatikumbuka." Ankanena choncho ngakhale m'katimo mutakhala uthenga wa maliro kapena pempho la ndalama. Kuno anthu ankatitcha mabhurandaya, ndipo zitupa za makolo athu zinkanena kuti ndi alendo ngakhale anabadwira pomwe pano, kotero mawu awiri aja anali ndi kulemera kumene mwana ngati ine ndinkakumva ndisanakumvetse. Agogo anamwalira mu 2009 osaonanso phiri la Dedza. Mawuwo anatsalira amayi.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma ntchito ya womasulira Chichewa mu Harare ndi yosowa. Zambiri zimene ndimadyera zimachokera kunja kudzera pa intaneti, ndipo amalipira powerenga mawu. Kumayambiriro kwa 2024 kampani ina yopezera anthu omasulira inanditumizira mizere pafupifupi 40 ya malonda a kampani yotumiza ndalama. Anati malondawo akupita kwa Amalawi okhala ku South Africa ndi ku Zimbabwe, ndipo ndisamangotsatira Chingerezi, ndipeze mawu ogwira mtima, afupiafupi okwana pagalasi la foni. Mzere woyamba unali wozizira ngati nsima ya dzulo. Ndinauyesa kangapo, kenako mawu anangobwera okha, ndipo ndinalemba kuti: "Kwanu kwakukumbukani." Ndinasangalala nawo. Ndinadziwa kuti ndi abwino chifukwa anandilasa ine ndemwe. M'pangano limene ndinasaina munali ndime yonena kuti mawu onse amene ndalemba ndi a kampaniyo mpaka kalekale, ndipo ndinasaina osaganizapo kawiri, monga ndimachitira nthawi zonse.

Chaka chimenecho mvula inakana, kuno ndi ku Malawi komwe. Msuweni wa amayi ku Dedza anatumiza uthenga kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Amayi anasonkhanitsa madola 50 kuchokera pa malonda awo a zovala zakaunjika. Kale ankatumiza kudzera kwa munthu wodziwika wa basi kapena pa kauntala ina m'tauni, koma ulendo uno sanandifunse. Patapita milungu iwiri ndi pamene anandionetsa foni yawo, akudandaula kuti ndalama imene inafika inali yochepa ndi mtengo wa ndowa yathunthu ya chimanga. Ndinayang'ana. Palibe amene anawabera. Zonse zinali zitalembedwa, chindapusa chake ndi mtengo wosinthira ndalama, m'timalemba ting'onoting'ono ta Chingerezi patsamba lachitatu. Tsamba limenelo palibe amene anandipatsa kuti ndilimasulire.

"Nanga munawadziwa bwanji anthu amenewa, amayi?" ndinafunsa.

"Anangotulukira pa Facebook. Ndinaona mawu a amayi anga, ndiye ndinati awa ndi anthu athu."

Ndikanatha kukhala chete, ndipo kwa kanthawi ndinakhaladi chete. Kenako ndinawauza. Sanakalipe. Anapukuta galasi la foni ndi nsonga ya chitenje, ngati mmene amachitira akamaganiza, n'kundifunsa kuti, "Anakupatsa zingati?" Ndinawerengera mumtima. Ankalipira masenti 8 pa liwu limodzi, ndipo mawuwo anali awiri. Ndinayankha kuti masenti 16.

Ndaganizira kwambiri za tsiku limenelo, ndipo sindikufuna kudzinamiza kuti vuto linali kukopera. Chinenero chimakhala ndi moyo chifukwa chokoperana. Agogo nawonso mwina anamva mawuwo kwa munthu wina pafamu. Amalume anaphunzira kugwira foni poonerera anzawo ku Gulf Complex m'tauni, ndipo palibe amene anawalipiritsa. Sindingakonde dziko limene mawu a agogo ali ndi chiphaso, loya atakhala pakhomo. ARIPO yomwe ija ili ndi pangano la ku Swakopmund la 2010 loteteza nzeru zamakolo ndi zachikhalidwe, ndipo mwina lingathandize pa zinthu ngati Gule Wamkulu, amene amavinidwa kuno ku Epworth n'kumajambulidwa ndi aliyense wokhala ndi foni. Koma mawu awiri onenedwa ndi nkhalamba itagwira envulopu palibe pangano limene lingawafikire, ndipo si pangano limene linasowa. Chinasowa ndi mwini m'tanthauzo lathu lija. Kampani inatenga umwini wa mawuwo popanda udindo wa kumene akukagwera. Amene akanayenera kufunsa kuti mawu amenewa akukakokera anthu kuti, amene ankadziwa kulemera kwake, ndinali ine.

Kuyambira pamenepo, ndikapatsidwa malonda oti ndimasulire ndimapempha kuti anditumizirenso tsamba la mitengo ndi malamulo, ndipo ndimanena kuti ndimasulira zonse kapena ndisiya zonse. Ena amavomera, chifukwa sanaganizepo chabe. Ena sayankha, ntchito n'kupita kwa wina, kapena kwa makina, pakuti Google Translate yakhala ndi Chichewa kuyambira mu 2014. Sindikudziwerengera ngati ngwazi. Mwezi wina lendi inandivuta ndipo ndinatsala pang'ono kubweza mawu. Malonda nawo sakuchepa. Mu Juni 2025 eni WhatsApp analengeza kuti ayamba kuika malonda m'gawo la masitetasi, mmene amayi amaonera zithunzi za ana a abale awo.

Loweruka ndimakhalabe pakreti ija. Masiku ano anthu akabwera kudzatenga mafoni awo, amalume amawauza kuti, "Muonetseni mphwangayu, amawerenga timalemba tating'ono." Ndiye ndimawerengera anthu mauthenga a ngongole za pafoni, za mipikisano, za mabandulo amene amadzigula okha pakati pa usiku, m'Chichewa kapena m'Chishona, mmene munthuyo akufunira. Mnyamata wa tsidya lina akadalipo. Anagula makina otenthetsera amene amalume alibe, ndipo foni ikafuna makinawo amalume amatuma mwana kuti aiwolotse msewu. Iyenso akasowa galasi la Itel amabwera kudzagula kwa iwo, atavula chipewa. Sanakhululukirane poyera, ndipo amalume amanenabe kuti ndi wakuba. Koma tsiku lina foni ya kasitomala itafera m'manja mwa mnyamatayo, mwini foni akufuna kumumenya, amene anawoloka msewu kukayankha anali amalume. Nditawafunsa chifukwa chake, anati, "Nanga si ndinamuphunzitsa ndine?"

Amayi anabwerera kwa munthu wawo wa basi. Kwa miyezi ingapo sindinawamve akutchula mawu aja, ndipo sindinafunse. Mwezi wa Meyi chaka chino tinali pakhonde tikusankha nyemba pamene foni yawo inalira. Unali uthenga wa mawu wochokera ku Dedza, wa mphindi zinayi, wonena za zokolola. Anapukuta manja, anaigwira foniyo ndi manja awiri, n'kundiyang'ana kaye. "Kwathu kwatikumbuka," anatero, motsitsa mawu. Kenako anandipatsa kuti ndikweze voliyumu.